Mwini Wake Akatopa, Chinkhwe N'chayani?

M'maiko monga Britain, America ndi South Africa muli makalabu a anthu amene chimawakumanitsa ndi mtundu umodzi wa mbalame, zinkhwe. Amasonkhana mwezi ndi mwezi, amaitana madokotala a ziweto kuti adzawaphunzitse, amachititsa zionetsero, ndipo ena amasindikiza magazini awoawo. Bungwe la Parrot Society UK lakhala likuchita zoterezi kuyambira mu 1966. Abale athu a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota amene anapita kukagwira ntchito m'nyumba za ku Johannesburg ndi Cape Town anaziona ndi maso mbalamezi, ndipo ena mwa iwo ndi amene amasesa makola ake m'mawa uliwonse. Ife otsala kuno timazionera pa foni, m'timakanema timene timayenda pa WhatsApp: chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira chikupereka salamu, ana n'kumafa nacho chiseko, akuluakulu n'kumati Subhanallah.

Munthu amene wagona ndi nkhawa ya ufa akamva kuti kwina kuli kalabu ya zinkhwe amayamba waseka, ndipo kusekako kuli ndi chifukwa chake chimene tichifike kutsogoloku. Komabe pa ntchito zonse za makalabu amenewa pali imodzi imene Msilamu sayenera kuidutsa akuseka. Ndi ntchito yolandira zinkhwe zimene eni ake atopa nazo, akalamba, adwala, asamuka kapena amwalira, n'kuzipezera khomo lina.

Kachitidwe kake n'kotere. Mbalame ikabwera imayamba yaikidwa payokha kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo, kuopa kuti ingapatsire zinzake matenda, ndipo dokotala amaiyeza. Kenaka membala wina amaitengera kwake kukaisunga mongoyembekezera, popanda malipiro, kuti aidziwe bwino: imadya chiyani, imaopa chiyani, imaluma ndani. Munthu wofuna kukhala nayo mpaka kalekale amalemba fomu, amafunsidwa mafunso, ndipo anthu a kalabu amapita kukaona nyumba yake. Amafuna kudziwa ngati m'nyumbamo muli wosuta fodya, ngati muli mphaka, ngati mwini nyumba amachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Ena amakanidwa. Amene wavomerezedwa amasaina pangano lakuti sadzaigulitsa, ndi kuti tsiku limene adzalephere kuisamala adzaibweza kumene anaitenga. Mabungwe ena safuna n'komwe kunena kuti mbalameyo yasanduka yake ya munthuyo. Amati wangosungizidwa.

Kusungizidwa: m'chilankhulo cha chipembedzo chathu mawu ake ndi amana. Anthu amenewa, ambiri a iwo osadziwa ngakhale ndime imodzi ya Qur'an, anafika pa mawu amenewa atapunthwa kambirimbiri, ataona mbalame zambiri zikuzunzika m'manja mwa anthu amene ankati amazikonda. Ife mawuwa tinapatsidwa kale. Funso langa ndi lakuti: munthu akatsekera chamoyo m'khola, wasenza chiyani, ndipo katunduyo amamutula liti?

Kuti funsoli limveke, tiyenera kudziwa chifukwa chake zinkhwe zotayidwa zimachuluka chotere. Choyamba ndi zaka. Ziweto zimene tinazolowera kuno, nkhuku, abakha, nkhunda, mbuzi, moyo wake ndi waufupi poyerekeza ndi wathu, ndipo zambiri zimathera mu mphika. Chinkhwe chotuwa cha ku nkhalango za ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa, chimene Aswahili amachitcha kasuku, chikasamalidwa bwino chimakhala zaka 40, 50, ngakhale 60. Ku Brookfield Zoo, pafupi ndi Chicago, chinkhwe cha mtundu wa ku Australia chotchedwa Cookie chinafa mu 2016 chili ndi zaka 83. Bambo wa zaka 45 akagula kamwana ka chinkhwe lero, wodziwa nthawi ya aliyense ndi Allah, koma mwachionekere jeneza la bamboyo lidzatuluka pakhomo mbalameyo ikadali ndi mphamvu zake.

Chachiwiri ndi nzeru. Katswiri wina wa ku America, Irene Pepperberg, anagula chinkhwe chotuwa mu 1977, nachitcha Alex, ndipo anachiphunzira kwa zaka 30 mpaka chinafa mu 2007. Alex ankadziwa mawu oposa 100. Ankatha kutchula mtundu wa chinthu ndi kaumbidwe kake, kuwerenga zinthu mpaka zisanu ndi chimodzi, ndiponso kunena chimene zinthu ziwiri zikufanana kapena kusiyana. Kutchire mbalame zoterezi sizikhala zokha. Zimagona m'magulu aakulu m'mitengo italiitali, zimauluka mitunda yaitali kukafuna zipatso, yaimuna ndi yaikazi zimakhalira limodzi zaka zambiri, zikukonzana nthenga za kumutu kumene mlomo wa mwini wake sufika. Ndiye tengani cholengedwa chotere, muchiike chokha m'kakhola ka waya pakona ya balaza, anthu onse n'kuchoka m'mawa. Chimayamba kukuwa, mawu ake oboola m'makutu. Chimaluma, ndipo mlomo woswa mtedza wolimba sulephera kung'amba chala. Zina zimayamba kudzisosola zokha nthenga mpaka chifuwa chonse kukhala pamtunda ngati nkhuku yoti iwotchedwe. Pamenepo alendo saziyamikiranso, ana asiya kuziseka, ndipo mwini wake amayamba kufunafuna woti amupatse.

Tikafunsa ma Ulama ngati kusunga mbalame m'khola n'kololedwa, ambiri amayankha kuti inde. Umboni wawo ndi Hadith ya Anas bin Malik (Allah asangalale naye) imene ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim. Anas anali ndi mng'ono wake wotchedwa Abu Umair, amene anali ndi kambalame kosewera nako, kamene Aarabu amakatcha nughair. Kambalameko katafa, Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anamupeza mwanayo ali khuma, ndipo anamufunsa mwachikondi za kambalame kakeko. Sanadzudzule mwanayo, sanadzudzulenso makolo ake chifukwa chomulola kukasunga. Ibn Hajar, m'buku lake la Fath al-Bari, akutiuza kuti Ibn al-Qass, mmodzi wa ma Ulama a madhhab a Imam Shafi'i, anatulutsa maphunziro 60 m'Hadith imodzi yomweyi, ndipo limodzi mwa iwo ndi chilolezo chosunga mbalame. Sionse anamasuka nacho chilolezochi. Ibn Aqil, wa madhhab a Hanbali, sanakondwere ndi kutsekera mbalame chifukwa chongofuna kusangalala ndi kulira kwake. Koma ambiri analola, ndipo ine sindikufuna kuletsa chimene iwo analola.

Vuto lathu ndi lakuti tikamva liwu loti n'zololedwa timatseka buku. Timaiwala kuti m'mabuku omwewo a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya mayi amene analowa ku Moto chifukwa cha mphaka. Taganizirani bwino tchimo la mayi ameneyu. Sitikuuzidwa kuti anamumenya mphakayo, kapena kuti anamuthira madzi otentha. Anangomutsekera, osamupatsa chakudya ndi madzi, osamumasulanso kuti akadzifunire yekha tizilombo ta pansi. Mphaka anali ndi njira imene Mlengi anamupatsa yodzipezera rizki lake; mayiyo anatseka njirayo, osaika china m'malo mwake. Choncho kutseka chitseko cha khola ndi kulonjeza. Wotsekayo akunena kuti zonse zimene chamoyochi chikanadzipezera chokha, kuyambira lero azipereka ndi iye.

Nanga chinkhwe chikanadzipezera chiyani? Apa ndi pamene ndikuona kuti tiyenera kupitirira pa mbale ya chakudya ndi kabakuli ka madzi. Shehe Izz al-Din bin Abd al-Salam, amene anamwalira ku Cairo mu 1262, analemba za maufulu a zinyama pa munthu m'buku lake la Qawa'id al-Ahkam. Anatchula kuzipatsa zofunika molingana ndi mtundu wake ngakhale zitakalamba kapena kudwala moti sizikupindulitsanso. Kusazisenzetsa zoposa mphamvu zake. Kusaziika pamodzi ndi chimene chingazivulaze. Kuzikonzera bwino malo ogona ndi omwera. Ndiponso kukumanitsa zazimuna ndi zazikazi nyengo yake ikakwana. Mfundo yomalizayi ikusonyeza kuti Sheheyu sankaona mimba yokha. Ankaona kuti chinyama chili ndi chibadwa chimene mwini wake alibe ufulu wochipondereza. Ndipo mu Surat al-An'am, ndime 38, Allah (Subhanahu wa Ta'ala) akutidziwitsa kuti zinyama za pansi ndi mbalame zouluka ndi mitundu yokhala m'magulu monga mmene ife tilili. Ngati mbalame ili ndi mtundu wake, kuichotsa pakati pa anzake ndi kuilanda kanthu, ngakhale mbale yake itamadzaza tsiku lililonse.

Tiyeni tione mmene lonjezo limeneli limaonekera m'nyumba yeniyeni, chifukwa chifundo chosadziwa kanthu chapha mbalame zambiri. Anthu ambiri amadyetsa chinkhwe mpendadzuwa ndi mtedza basi, poti ndi zimene chimathamangira. Zakudya zimenezi zili ndi mafuta ochuluka. Zikakhala zokhazokha zimawononga chiwindi, ndipo thupi limasowa vitamini A ndi kashiamu, moti zinkhwe zotuwa zina zimafika pomagwa ndi kuphupha. Chimafunika masamba obiriwira, maungu, karoti, mbatata yofiira m'kati, papaya, mango, chimanga chachiwisi ndi nyemba zophika. Mtedza wachuku ndi poizoni kwa icho, monganso ulili kwa ana athu. Mapeyala, amene ife timadyera buledi mosangalala, angathe kuchipha. Chokoleti, khofi, tiyi ndi zakudya za mchere wambiri nazonso n'zoopsa.

Mpweya ndi nkhani inanso. Mbalame ili ndi timatumba ta mpweya m'thupi mwake timene timachititsa kuti ikoke mpweya mwamphamvu kuposa ife, ndipo utsi umene munthu amangotsokomola nawo ungaigwetse. Utsi wa mbaula ndi nkhuni, wa fodya, wa mankhwala ofukizira kapena opopera udzudzu, ngakhale udi ndi lubani zimene timakonda kufukiza usiku wa Lachinayi, zonsezi siziyenera kuyandikira khola. Mapani amakono okutidwa ndi Teflon akatenthetsa amatulutsa mpweya umene umapha mbalame m'kanthawi kochepa. Chinkhwe chimafuna tulo ta maola 10 mpaka 12 pa malo a mdima ndi abata, osati pafupi ndi TV imene imalira mpaka pakati pa usiku. Chimafuna khola loti chitambasuliremo mapiko onse, maola angapo kunja kwa kholalo tsiku lililonse, nthambi zaziwisi zoti chizitafuna, madzi osamba, kadzuwa ka m'mawa, ndi wina woti azicheza nacho. Khola likapanda kutsukidwa, fumbi la zitosi zouma lingathe kupatsira anthu a m'nyumbamo matenda a m'mapapo. Chikadwala chimabisa, monga zimachitira mbalame zonse poopa adani, moti pamene mwini wake akuzindikira chimakhala chitafooka kale. Zonsezi si za mwezi umodzi ayi. Ndi za tsiku lililonse, m'Ramadhan ndi pa Eid, pa maliro ndi pa ukwati, kwa zaka makumi angapo.

Mpaka pano takamba za mbalame imene ili kale m'khola. Koma inalowamo bwanji? Abu Dawud analemba Hadith ya Abdullah bin Mas'ud (Allah asangalale naye) yonena za ulendo wina umene Maswahaba anaona kambalame kali ndi ana awiri, natenga anawo Mtumiki (SAW) atachokapo pang'ono. Make wa tianato anabwera akukupiza mapiko ake pamwamba pawo. Mtumiki atabwerera anafunsa kuti ndani wamuvutitsa chotere chifukwa cha ana ake, ndipo analamula kuti abwezedwe. Zimene analetsa tsiku limenelo ndi zimene zakhala zikuchitikira zinkhwe zotuwa kwa zaka zambiri. Zimaswera m'mphako za mitengo ikuluikulu, ndipo osaka amakwera kukatenga ana. Ena amapaka ulimbo pa nthambi, n'kumangirirapo chinkhwe chamoyo kuti kulira kwake kuitane zinzake. Zambiri zimafera m'njira, zitapanikizana m'mabokosi, zisanafike n'komwe pa bwalo la ndege. Kuyambira mu 1975, zinkhwe zotuwa zoposa 1 miliyoni zogwidwa kutchire zinatumizidwa kunja kwa Africa movomerezeka, osawerengera zozembetsa ndi zofera m'njira. Ku Ghana ofufuza anapeza kuti pa zinkhwe 100 zilizonse zimene zinalipo mu 1992, zoposa 90 zinatha. N'chifukwa chake mu 2016 maiko a m'pangano la CITES, atakumana ku Johannesburg, analetsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire.

Pali chinthu china chowawa chimene sitiyenera kuchibisa m'magazini ya Asilamu. Ina mwa misika ikuluikulu ya mbalamezi ili m'maiko a Aarabu, ndipo maiko amene analemba kuti sakugwirizana ndi chiletso cha mu 2016 anali Democratic Republic of Congo, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates. Kakanema ka chinkhwe chopereka salamu kali ndi mbiri kumbuyo kwake, ndipo nthawi zina mbiriyo imayambira pa mphako yopanda kanthu m'nkhalango ya ku Congo.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. M'nkhalango ya Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, muli tizinkhwe tating'ono tobiriwira, ta nkhope yofiirira ndi mlomo wofiira, timene Azungu amati Lilian's lovebird kapena Nyasa lovebird. Timagona m'magulu m'mphako za mitengo ya tsanya, ndipo timafuna madzi tsiku lililonse. Tsanya akatha chifukwa cha makala ndi nkhuni, nyumba yake yatha. Opha nyama mozemba akathira poizoni m'zithaphwi, timbalameti timafera pomwepo tikabwera kudzamwa. Malamulo a dziko lino salola kugwira kapena kusunga zamoyo zotetezedwa popanda chilolezo cha boma. Mnyamata akabwera pakhomo ndi timbalame totere m'kadengu, ndalama imene mungam'patse ndi imene imamutuma kuti abwererenso kutchire.

Wina anganene kuti: koma chinkhwe changa ndachiphunzitsa kutchula dzina la Allah, kodi si zabwino zimenezo? Ma Ulama a fiqh anaiganizirapo kale nkhani yofanana nayo, ndipo m'mabuku a madhhab a Hanafi muli lamulo lakuti munthu akamva ndime ya sajda kuchokera kwa mbalame, sijida siimukakamiza, chifukwa kumeneko si kuwerenga Qur'an koma kutsanzira mawu. Chachikulu kuposa pamenepo chili mu Surat an-Nur, ndime 41, pamene tikuuzidwa kuti mbalame zotambasula mapiko mumlengalenga zimalemekeza Allah, ndipo chilichonse chimadziwa pemphero lake ndi tasbih yake. Mbalameyo inali nayo kale dhikr yake tisanaigwire. Inkaichita ndi mapiko otambasula, pakati pa anzake, m'chilankhulo chimene mwa anthu anaphunzitsidwa ndi Mneneri Sulaiman (mtendere ukhale pa iye). Ife tinaichotsa pamenepo n'kuipatsa mawu athu kuti tizisangalala nawo. Sindikunena kuti kuiphunzitsa salamu ndi tchimo, koma tisadzinamize kuti taipatsa chinthu chimene inalibe. Ndipo ife aphunzitsi a madrasa tiyenera kuchita nayo mantha pang'ono mbalame imeneyi, pakuti mwana amene walakatula Juzu Amma yonse osadziwa tanthauzo la Surah imodzi, tamusiya pa mtunda umene chinkhwe nachonso chingathe kuuyandikira.

Tsono ngati kutsekera kuli ndi mavuto onsewa, bwanji osangotsegula makola onse? Maganizo amenewa amaoneka achifundo, koma kwa zinkhwe zambiri kutero ndi kuzipha. Chinkhwe chobadwira m'khola, kapena chimene chakhalamo zaka 20, sichidziwa mtengo wobala zipatso zodyedwa, sichidziwa kabawi, chilibe gulu loti lichilandire, ndipo mapiko ake alibe mphamvu. Ku Britain chisanu chingachimalize. Chikakumana ndi zinzake zakutchire chingathe kuzipatsira matenda a m'khola. M'Hadith ya mphaka ija, kumasula kunatchulidwa chifukwa mphaka akanatha kudzidyetsa yekha. Kwa chinkhwe chokulira m'nyumba khomo limenelo linatsekeka kalekale, ndipo anatseka ndi munthu. Mbalame zongogwidwa kumene ndi nkhani ina: mabungwe monga World Parrot Trust, limene linayamba mu 1989 ku Cornwall, amathandiza kuchiritsa zinkhwe zolandidwa kwa ozembetsa n'kuzibwezera kunkhalango m'magulu. Koma kwa zokalambira m'khola kwatsala njira ziwiri zokha, kuzisamala bwino kapena kuzipereka kwa amene angathe.

Njira yachiwiriyi ndi imene Shariya inaitchula kale. Ma Ulama ambiri ananena kuti mwini chiweto akakana kuchidyetsa, Qadhi amukakamize kuchidyetsa kapena kuchichotsa m'manja mwake, pochigulitsa kapena kuchipereka. Asilamu akale sanalekere pa chiweruzo. Anakhazikitsa ma waqf osamalira zinyama zokalamba ndi zosowa mwini. Mumzinda wa Bursa ku Turkey munali nyumba yosamaliramo adokowe ovulala amene alephera kuuluka ndi anzawo, ndipo pa makoma a mizikiti ina ya ku Istanbul mpaka lero pali tinyumba ta mbalame tosemedwa mwaluso. Ntchito ya makalabu a zinkhwe, ikachitika moona mtima, ndi ya mtundu womwewo. Amatenga katundu amene anatula wina, n'kumusenza popanda kumufunsa zambiri.

Pali phunziro lina limene malamulo athu a kulera ana amasiye angatipatse pano, ngakhale kuti mwana wa Adam ndi mbalame sitingaziike pa sikelo imodzi. Mu Surat al-Ahzab, ndime 4 ndi 5, Allah anathetsa mwambo wosandutsa mwana wolera kukhala ngati wobereka, nalamula kuti aziitanidwa ndi dzina la bambo ake enieni. Zaid, amene ankatchedwa mwana wa Muhammad, anabwerera ku dzina lakuti Zaid bin Haritha, koma chikondi cha Mtumiki (SAW) pa iye sichinachepe. Kulera sikusintha chimene woleredwayo ali. Anthu ena okonda zinkhwe amalakwitsa pomwepa. Amachitcha mwana wawo, amachidyetsa za m'mbale mwawo, amachisisita thupi lonse, amagona nacho. Mbalameyo imasokonezeka n'kuyamba kumuona munthuyo ngati mwamuna kapena mkazi wake. Imachita nsanje, imaluma aliyense womuyandikira, ndipo yaikazi imatha kumaikira mazira mosalekeza mpaka kufooka. Makalabu odziwa ntchito amaphunzitsa kuti chinkhwe chizisisitidwa kumutu ndi m'khosi mokha, chizibisiridwa chakudya kuti chizifufuza monga kutchire, chiziuluka pamene pali potetezeka, ndipo ngati n'kotheka chiziona ndi kumva zinzake. Wolera wabwino amachibwezera chinkhwe umbalame wake momwe angathere.

Tsopano tifike kwa munthu woseka uja. Akunena zoona pamene akuti munthu ndiye woyamba. Nafaqa ya mkazi, ana ndi makolo imatsogola, ndipo magulu asanu ndi atatu olandira Zakaat otchulidwa mu Surat at-Tawba, ndime 60, mulibe mbalame. Nyumba imene chinkhwe chimathamangitsidwira kwa dokotala pamene wantchito wosesa khola lake akadwala amadulidwa malipiro, ndi nyumba imene sikelo yake yapendekeka, ndipo palibe chikondi cha mbalame chimene chingaiwongole. Koma wosekayo akulakwitsa akamaganiza kuti chifundo chili ngati thumba la chimanga, loti ukatapako kupatsa mbalame ndiye kuti la mwana wamasiye lachepa. Mtumiki (SAW) anasimba za munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa galu waludzu, ndipo Maswahaba atadabwa anawauza kuti pa chamoyo chilichonse pali malipiro. Komanso pali kusiyana pakati pa sadaka ndi ngongole. Ine amene sindinatsekere mbalame, kuithandiza ndi sadaka. Nditha kuchita, nditha kusankha sadaka ina yofunika kuposa imeneyo. Koma amene anatseka khola ndi dzanja lake ali ndi ngongole, ndipo njala ya m'mudzi siifafaniza. Akanaiganizira njalayo asanagule.

Maganizo anga ndi akuti m'makomo athu ambiri a m'mbali mwa nyanja, momwe utsi wa nkhuni ndi mankhwala a udzudzu sizisowa, momwe madokotala a ziweto ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, kugula chinkhwe ndi kulonjeza chimene sitingakwanitse. Chilolezo chilipo, koma si chilichonse chololedwa chimene munthu wanzeru amachinyamula. Amene ali nacho kale, kuno kapena ku Joni, asachitaye ndipo asachite manyazi kupempha nzeru. Ndipo ife tonse amene tilibe zinkhwe tisadzione oyera msanga, pakuti nkhuku zomangidwa miyendo zolendewera chadodolido pa njinga dzuwa likuswa mtengo, ndi mbuzi zogona ndi ludzu pa chingwe kudikira tsiku la Qurbani, zili pansi pa Hadith yomwe ija ya mphaka.

Chatsala ndi imfa ya mwini. M'malamulo a mirathi chinkhwe ndi chuma, ndipo chimalowa m'gulu la zogawidwa pamodzi ndi bwato, maukonde ndi nyumba. Koma bwato likagonekedwa pa mchenga miyezi itatu abale akukambirana, silifa ndi njala. Amene wachilandira walandiranso nafaqa yake, afune asafune, ndipo kawirikawiri amakhala munthu amene sanachifunepo n'kale lomwe. N'chifukwa chake makalabu amalimbikitsa mamembala awo kuti asankhiretu munthu wodzachitenga, amudziwitse kwa mbalameyo iwo akadali moyo, ndipo asiye ndalama zochisamalira. Kwa Msilamu khomo la zimenezi ndi wasiya, umene Mtumiki (SAW) anatilimbikitsa kuti tisagone masiku awiri tisanaulembe ngati tili ndi kanthu kofunika kusiyira mawu, ndipo Shariya imalola kuti gawo losaposa limodzi mwa magawo atatu a chuma lipite kumene mwini wake wafuna. Pamodzi ndi wasiyawo pamafunika kapepala kofotokoza mbalameyo: zaka zake, zakudya zake, nthawi imene imagona, chimene imaopa, ndi mawu amene imalankhula.

Mzere womalizawu uli ndi ntchito yake. Chinkhwe chotuwa sichitsanzira mawu okha. Chimatsanziranso liwu la munthu, katsokomoledwe kake, kasekedwe kake, ndi mmene amaitanira mkazi wake kuchokera kuchipinda. Mwini wake akaikidwa m'manda, liwulo limatsala m'nyumba, ndipo limatha kumveka m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri. Mabanja ena amatonthozedwa nalo. Ena amalephera kupirira, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbalame zimafikira m'manja mwa olera. Wolerayo amaitengera kwake, amaiika pa malo abata, ndipo pakapita masabata angapo, mantha akatha, m'nyumba mwake mumayamba kumveka liwu la munthu amene iye sanamuonepo, likuitana mayina a ana amene iye sakuwadziwa.